Anaikiza Galu, Napita Osabweranso

M'mizinda ya ku Britain ndi ku France muli nyumba zina zimene munthu wa kumudzi, atazimva koyamba, angayese nthabwala. Ndizo nyumba zogonamo agalu ndi amphaka. Munthu akafuna kupita pa ulendo, kapena akagonekedwa m'cipatala, amatenga galu wace nakamusiya kumeneko, ndipo amalipira ndalama za tsiku ndi tsiku monga momwe mlendo alipirira cipinda cogona. Galuyo amapatsidwa khola lace, cakudya ndi madzi, ndipo anchito amamutulutsa kuti akaongole miyendo, kufikira tsiku limene mwini wace analonjeza kudzamutenga. Ku Lusaka nakonso ziliko nyumba zotere, ngakhale kuti nzowerengeka.

Anthu ambiri amasunga pangano lao, nabwera pa tsiku lace. Koma alipo ena amene amafika pa khomo la nyumbazi ali ndi mtima wina. Amalembetsa dzina ndi nambala ya foni, amalipira za mlungu umodzi, amamsisita galu pamutu natsazika bwino lomwe, koma tsiku likakwana saoneka. Wosunga aimba foni, palibe woyankha. Alemba kalata, kalatayo ibwerera. Mlungu usanduka mwezi, ndipo pamenepo wosunga amazindikira kuti munthu uja sanadze kudzaikiza galu ai, anadza kudzamutaya.

Nkhani imeneyi ndi ya kutali, koma funso lace lafika kale pa khomo la munthu ali yense woweta: kodi udindo wa munthu pa ciweto cace umatha liti?

KATUNDU WOGWERA WOSUNGA

Amene ayamba kumva kuwawa ndiye wosunga. Pa malamulo a ku Britain galu amawerengedwa ngati katundu wa mwini wace, motero wosunga sangangomugulitsa kapena kumupereka kwa munthu wina tsiku limene wafuna. Ayenera kuyamba wafunafuna mwini galu, kumulembera cidziwitso, ndi kudikira. M'masiku onsewo galu afuna kudya, khola lace lifuna kutsukidwa, ndipo akadwala afuna dokotala wa ziweto, koma wolipira palibe. Khola limene agonamo likadalandira galu wina wolipiridwa, makamaka pa nyengo ya Khrisimasi ndi ya chuthi pamene makola amadzaza. Ncifukwa cace osunga ambiri amalemba m'cipangano kuti galu amene sadzatengedwa atapita masiku akutiakuti adzaperekedwa ku bungwe losamalira nyama zotayidwa.

Komatu mabungwe amenewa nawonso ali ndi makola owerengeka. Kagalu kakang'ono kooneka bwino kamapeza mbuye watsopano msanga, pamene galu wokalamba, wodwala kapena waukali amatha miyezi yambiri anthu akungomupitirira. Galu wopezeka akuyendayenda mumseu ku England amasungidwa ndi khonsolo masiku 7, ndipo mwini wace akapanda kuoneka, khonsolo ili ndi mphamvu ya kumupereka kwa wina kapena kumupha. Tsono munthu amene adzitonthoza kuti galu wace anamusiya m'manja abwino sadziwa kumene galuyo adzathera.

Galu mwini wace sadziwa za cipangano kapena za ngongole. Cimene adziwa ndi munthu wace. Agalu ambiri osiyidwa m'malo acilendo amakana cakudya masiku oyamba, amalira usiku, amazungulirazungulira m'khola, ndipo amachera khutu nthawi iri yonse citseko cikatseguka. Za kudikira kwa galu dziko lonse linaphunzira ku Japan. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ku Tokyo, dzina lace Hidesaburo Ueno, anali ndi galu wochedwa Hachiko amene anali kumucingamira pa siteshoni ya sitima ya Shibuya madzulo ali onse. M'mwezi wa May 1925 mphunzitsiyo anamwalira mwadzidzidzi ali ku nchito, koma galu anapitirizabe kubwera pa siteshonipo kufikira imfa yace mu March 1935, zaka pafupifupi 10. Lero pamalopo paima cifanizo cace. Ueno analekanitsidwa ndi galu wace ndi imfa, imene siiona nkhope. Nanga munthu wamoyo amene acita dala kuzimitsa foni adzanena ciani?

CIFUKWA NINJI ANTHU ACITA IZI?

Si onse otaya agalu amene ali ndi mtima wa mwala. Ena nchito yawathera. Ena asamukira m'nyumba ya lendi imene mwini wace salola ziweto. Ena ukwati watha, ndipo pogawana katundu palibe amene afuna galu. Ena aona kuti galu wakalamba ndipo mtengo wa mankhwala wakula. Akapita ku bungwe losamalira nyama amauzidwa kuti malo adzaza, adikire, ndiponso amafunsidwa mafunso ocititsa manyazi. Tsono amasankha njira yacidule yonamizira ulendo, pakuti ku nyumba yogonamo agalu palibe amene afunsa cifukwa.

Koma muzu weniweni wa bvutoli uli pa tsiku loyamba, tsiku lotenga galu. M'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatsekera anthu m'nyumba, mabanja ambiri a ku Britain anagula tiagalu kuti tiziwasangalatsa, kotero kuti mitengo ya tiagalu inakwera kwambiri. Mliri utacepa anthu anabwerera ku nchito, mitengo ya cakudya ndi magetsi inakwera, ndipo tiagalu tija tinali titakula. M'caka ca 2022 bungwe la Dogs Trust linalandira mapempho oposa 50,000 ocokera kwa anthu ofuna kupereka agalu ao, ciwerengero cimene linali lisanacionepo ciyambire. Anthuwa anakonda kagalu ka miyezi iwiri, osawerengera galu wa zaka 10.

NKHONDO YA ZAKA 200

Kulimbana ndi nkhanza zocitira nyama sikunayambe dzulo. M'caka ca 1822 phungu wina wa Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, Richard Martin, anapititsa lamulo loletsa kuzunza ng'ombe, akavalo ndi nkhosa. Mu 1824 mu London munakhazikitsidwa bungwe loletsa nkhanza kwa nyama, limene Mfumukazi Victoria inalipatsa ulemu wacifumu mu 1840, ndipo lidziwika ndi dzina lakuti RSPCA. Mu 1860 mai wina dzina lace Mary Tealby anatsegula nyumba yosungiramo agalu osokera ndi anjala ku Holloway mu London. Ena anamuseka, ati ataya cuma pa agalu pamene anthu osauka ali mbwee m'miseu, koma nyumbayo inakula, inasamukira ku Battersea mu 1871, ndipo mu 1883 inayamba kulandiranso amphaka. Iripobe kufikira lero.

Bungwe la Dogs Trust linayamba mu 1891 ndi dzina lina, nilitenga dzina la tsopanoli mu 2003. M'caka ca 1978 mmodzi wa anchito ace, Clarissa Baldwin, anapeka mau ocenjeza amene afala kwambiri m'dzikomo, otanthauza kuti galu ndi wa moyo wonse, si wa Khrisimasi yokha. Mauwa anadza cifukwa makolo anali kugulira ana ao tiagalu ngati mphatso ya cikondwerero, ndipo cikondwerero cikatha tiagaluto tinali kupezeka m'miseu.

Malamulo nawo anatsatira. Mu 1960 kutaya nyama m'njira yoti ibvutike kunakhala mlandu. Mu 1963 kunaikidwa lamulo lakuti ali yense wosunga agalu ndi amphaka a anthu ena molipiritsa akhale ndi laisensi ya khonsolo, ndipo ku England malamulo atsopano a nchitoyi analowa m'malo mwace mu 2018. Lamulo lalikulu la 2006, la ku England ndi Wales, linapita patali, pakuti linaika pa mapewa a woweta zinthu zisanu: malo oyenera okhalamo, cakudya coyenera, mpata wakuti nyama icite monga mwa cibadwa cace, kukhala pamodzi ndi zinzace kapena payokha monga mwa mtundu wace, ndi kuitetezera ku zowawa, kubvulala ndi matenda. Munthu angakhale sanamenye galu wace, akamumana izi ali ndi mlandu. Mu 2021 cilango cacikulu ca nkhanza kwa nyama cinakwezedwa kucokera pa miyezi 6 kufika pa zaka 5 m'ndende.

Pofuna kuti wotaya galu asabisale, kuyambira mu April 2016 galu ali yense ku England, Scotland ndi Wales ayenera kuikidwa pansi pa khungu kacipangizo kochedwa microchip, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kali ndi nambala imene makina amawerenga, ndipo nambalayo imaulula dzina ndi malo a mwini galu. Mu June 2024 lamulo lomweli linafikiranso amphaka a ku England.

Ku France bvutoli limakula m'miyezi ya July ndi August, pamene mabanja ambiri apita ku chuthi. Lamulo la mu November 2021 linakweza cilango ca kutaya nyama kufika pa zaka 3 m'ndende ndi faindi ya mayuro 45,000. Kuyambira mu October 2022 munthu wofuna kutenga galu kapena mphaka ayenera kusaina cikalata cobvomera kuti wamva zimene nyamayo idzafuna, ndi kudikira masiku 7 asanaitenge, kuti mtima wa phuma uyambe wazizira. Kuyambira mu January 2024 masitolo analetsedwa kugulitsa tiagalu ndi tiamphaka. Opanga malamulowa anazindikira kuti mankhwala a kutaya ali pa khomo lolowera, pamene munthu asanatenge nyama.

KUIKIZA KWA KWATHU

Wina adzati izi nza anthu a ndalama, ife kuno tiribe nyumba zogonamo agalu. Nzoona, koma kuikiza ciweto tiri nako kuyambira kale. Munthu wopita ku tauni kapena ku migodi amasiya ng'ombe zace m'khola la mbale wace. Amene alibe busa amaikiza mbuzi kwa mnansi. Mwambo umenewu uli ndi malamulo ace odziwika bwino: mboni zimakhalapo, wosunga amalima ndi ng'ombezo ndi kutenga manyowa, mbusa amalandira mphotho yace, ndipo mwini ng'ombe amafunsa za ziweto zace nthawi ndi nthawi. Ndani anamvapo kuti munthu anaikiza ng'ombe zinai naziiwala? Ngakhale atamwalira, ana ace amadza kudzaziwerenga.

Galu yekha ndiye amaiwalika. Banja likamasamuka kucoka ku Petauke kupita ku Lusaka, mbuzi zimagulitsidwa, nkhuku zimamangidwa miyendo nizikwera basi, mtondo ndi munsi zimapeza malo, koma galu amatsala pa bwinja. Ena amangouza mnansi kuti muzimuona galuyo, osafunsa ngati mnansiyo wabvomera, ndiponso osasiya ngakhale cibaba ca gaga. Wanchito wa Boma akasinthidwa malo, kapena mlendo wa kunja nchito yace ikatha, kawirikawiri galu amasiyidwira mlonda kapena wanchito wa m'nyumba amene iye mwini malipiro ace atha tsiku lomwelo. Tiagalu tikacuruka timanyamulidwa m'thumba ndi kukatayidwa ku chire kapena pafupi ndi msika.

Cikhalirenico galu ameneyu ndiye anali kuuwa usiku wakuba akayandikira nkhokwe, anali kupirikitsa anyani ndi nguluwe m'munda, anali kucenjeza fisi akazungulira khola la mbuzi, ndipo anali kuperekeza ana ku busa. Mphaka naye anasunga cimanga ku makoswe. Malipiro ao anali mkute ndi madzi. Kusiyana kwa iwo ndi ng'ombe nkwakuti iwo alibe mtengo pa msika, ndipo pamenepa mpamene umunthu wa woweta umayesedwa.

GALU WOTAYIDWA AMABWERA NDI CIWEWE

Ku Britain galu wotayidwa ndi nkhani ya cifundo ndi ndalama. Kwathu kuno ndi nkhani ya moyo wa ana athu. Galu wopanda mwini samafa tsiku lomwelo. Amayendayenda m'madzala ndi m'misika, amagwira nkhuku ndi tiana ta mbuzi, amalumana ndi agalu anzace ndi nkhandwe, amaswana, ndipo palibe amene amamutengera ku katemera. Umu ndimo m'mene ciwewe cimapezera njira yolowera m'mudzi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciri conse, ndipo 95 mwa 100 ali onse ndi a mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amacitenga kwa galu, ndipo 4 mwa anthu 10 ali onse olumidwa ndi nyama zokaikitsa ndi ana osafika zaka 15. Kacirombo kace kali m'malobvu a nyama yodwala. Kakalowa pa bala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulinga ku ubongo, ndipo kawirikawiri pamapita miyezi 2 kapena 3 munthu asanadwale, ngakhale kuti nthawi zina ndi mlungu umodzi, nthawi zina caka. Bala limapola, anthu naiwala. Koma zizindikiro zikayamba, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso mankhwala ociritsa.

Cipulumutso ciri pa kufulumira. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera, osadikira kuona ngati bala litupa. Zengerezu analinda kwaukwau. Katemera ameneyu anayamba ndi Louis Pasteur wa ku France, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, wolumidwa ndi galu waciwewe. Tsiku la imfa ya Pasteur, 28 September, ndilo tsiku limene maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe, ndipo maiko anapangana kuti pofika mu 2030 pasakhalenso munthu wakufa ndi ciwewe ca galu.

Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 ali onse a m'dera akalandira katemera, matendawa amasowa podumphira ndipo amazirala. Koma pa tsiku la katemera galu amabwera ndi mwini wace, atamumanga cingwe. Galu wotayidwa alibe womubweretsa. Motero munthu ali yense wosiya galu pa bwinja amacepetsa ciwerengero cija, ndipo amaika pa ngozi mudzi umene iye waucoka. Ngoziyo imafikanso ku nyama za kuthengo. Mu 1994 matenda ena a agalu anapha mikango pafupifupi 1,000 ku Serengeti m'dziko la Tanzania, ndipo mimbulu ya m'cigwa ca Luangwa, imene alendo amadzera kutali kudzaiona, imatha kutenga ciwewe kwa agalu a m'midzi yozungulira.

Dziko lathu liri ndi malamulo ace pa nkhaniyi. Lamulo la Control of Dogs Act lipatsa Boma ndi makhonsolo mphamvu ya kulamula kuti agalu alembetsedwe, alandire katemera, amangidwe pa nyengo ya ciwewe, ndi kuti oyendayenda aphedwe. Lamulo la Prevention of Cruelty to Animals Act liletsa kuzunza nyama. Galu akaomberedwa ndi a khonsolo anthu amadandaula za mfuti, koma mlandu unayambira kwa amene anamutaya.

WERENGANI MUSANATENGE

Akulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Munthu asanalandire kagalu kwa mnzace ayenera kukhala pansi ndi banja lace ndi kuwerenga. Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 kufikira 13, mphaka amafika zaka 15 kapena kupitirira, ndipo bulu amatha kupyola zaka 25. Zaka 10 ndi masiku 3,650, ndipo tsiku liri lonse mwa amenewa galu afuna cakudya ndi madzi, m'caka ca zokolola zambiri ndi m'caka ca cilala comwe. Mwana amene akulirira kagaluko lero adzakula, adzapita ku sekondale kapena ku ukwati, galu akali pakhomo. Agalu ambiri a m'midzi safika zaka zimenezi, koma cimene cimawadula ndi njala, njoka za m'mimba, nkhupakupa ndi matenda opewedwa ndi katemera.

Kagalu kalandire katemera wa ciwewe kakakwana miyezi 3, ndipo pambuyo pace mwini wace atsate masiku amene alangizi a ziweto alengeza. Asunge cikalata ca katemera pabwino, pakuti tsiku limene galu adzaluma mwana wa mnansi cikalataco ndico cidzayamba kufunsidwa. Aganizirenso za kuswana. Galu wamkazi amayamba kutenga bere asanakwanitse caka, bere lace limatha miyezi 2 yokha, amaswa kawirikawiri ana 5 kapena 6, ndipo angathe kuswa kawiri pa caka. Amene alibe kopereka tiana tonseto afunse a za ziweto za kufula galu wamphongo kapena kutseka wamkazi. Alimi amadziwa kale kufula ng'ombe ndi mbuzi, ndipo galu wofulidwa amalondabe pakhomo, kungoti amacepetsa kuyendayenda.

NGATI MWALEPHERADI

Moyo umasintha, ndipo pali nthawi imene munthu sangathedi kupitiriza kusunga ciweto cace. Pamenepo cofunika ndi kunena zoona. Wofuna kusamuka ayambe kufunira galu mbuye watsopano pamene ayamba kufuna wogula mbuzi, osati m'mawa wa tsiku la ulendo. Amene alandira galuyo anene ndi pakamwa pace kuti wabvomera, pamaso pa mboni kapena anyakwawa, ndipo adziwe ngati wapatsidwa kapena wangosungitsidwa. Ngati ndi kusungitsa, anene tsiku lobwera, asiye cakudya kapena ndalama zace, apereke cikalata ca katemera, ndipo tsikulo likasintha atumize mau. A ku Lusaka angathe kufunsa ku bungwe la Lusaka Animal Welfare Society, limene limalandira agalu ndi amphaka osowa pokhala ndi kuwafunira mabanja ena. A kumidzi afunse kwa mlangizi wa ziweto wa dera lao. Galu wokalamba kapena wodwala kosaciritsika, kuli bwino kuti dokotala wa ziweto amugoneke mosamva kuwawa kusiyana ndi kumusiya kuti afe ndi njala pa bwinja.

Mafumu ndi anyakwawa nawonso ali ndi mbali yao. Banja likadza kudzatsazika, pamodzi ndi kufunsa za munda ndi nyumba, afunsenso kuti galu ndi mphaka atsala m'manja mwa yani. Funso limeneli silidya nthawi, koma lingapulumutse mwana wa m'mudzimo ku imfa yowawa.

Ciweto sicinapemphe kubwera pakhomo panu, munacitenga ndinu. Amene sangathe kucidyetsa kufikira ukalamba wace alekeretu kucitenga, ndipo palibe amene adzamuimba mlandu. Koma amene wacitenga adziwe kuti udindo wace udzatha pa limodzi la masiku awiri okha: tsiku limene adzacipereka poyera m'manja mwa munthu wobvomera, kapena tsiku limene adzacikwirira.